Keke ya ukwati pamaso pa majaji

Mu Julaye 2012, amuna awiri, Charlie Craig ndi David Mullins, analowa m'sitolo ya makeke yotchedwa Masterpiece Cakeshop m'tauni ya Lakewood, pafupi ndi mzinda wa Denver, m'chigawo cha Colorado ku America. Anatsagana ndi mayi ake a Craig. Awiriwa anali atakonza zokamangitsa ukwati wawo ku Massachusetts, kumene lamulo linkaloleza kale amuna okhaokha kukwatirana, kenako n'kubwerera kwawo kudzachita madyerero ndi abale. Chimene anadzera chinali keke ya madyererowo. Mwini sitolo, Jack Phillips, atangomva kuti kekeyo ndi ya ukwati wa awiriwo, anawauza kuti iye sapanga keke ya ukwati wa amuna okhaokha. Anawonjezera kuti keke ya tsiku lobadwa, mabisiketi ndi zina zonse za m'sitolomo angawagulitse bwinobwino. Sanafike n'pokambirana kuti kekeyo ikhale yosanja kangati kapena ilembedwe mawu anji. Alendowo anadzuka n'kutuluka.

Kucheza kwa kanthawi kochepako kunabala mlandu umene unatha zaka 6 ukuyenda m'makhoti, ndipo funso lenileni la mlanduwo mpaka lero silinayankhidwe lonse: kodi munthu amene watsekula bizinesi yotumikira aliyense angabweze kasitomala ponena kuti chikhulupiriro chake sichimulola?

Ndikudziwa kuti ambiri a ife amene tinakulira m'mipingo ya kwathu, tikangomva nkhaniyi mtima umathamangira kwa Phillips. Sitolo ndi yake, manja ndi ake, adzayankha yekha pamaso pa Mulungu, ndiye boma likulowererapo chiyani? Maganizo amenewo si opepuka, ndipo sindiwapeputsa. Koma tiyambe taona kumene lamulo loletsa mwini sitolo kusankha makasitomala linachokera, chifukwa amene analivutikira anali anthu akhungu ngati lathu.

Pa 1 Febuluwale 1960, ophunzira anayi akuda analowa m'sitolo ya Woolworth mumzinda wa Greensboro ku North Carolina. Anagula tinthu ting'onoting'ono, ndalama zawo zinalandiridwa, malisiti anapatsidwa. Kenako anakakhala pamipando ya podyera m'sitolo yomweyo n'kuitanitsa khofi. Anawakaniza, poti mipandoyo inali ya azungu okha. Anyamatawo sanachoke mpaka sitolo inatsekedwa, ndipo mawa lake anabweranso ndi anzawo. Zionetsero zokhala pansizi zinafalikira m'mizinda yambiri, ndipo pa 2 Julaye 1964 Pulezidenti Lyndon Johnson anasaina lamulo la ufulu wa nzika limene linaletsa mahotela, malo odyera, malo oonerako makanema ndi malo othirira mafuta kubweza munthu chifukwa cha khungu lake, mtundu wake, chipembedzo chake kapena dziko limene anachokera.

Si onse analigonjera. Maurice Bessinger, mwini malo ootchera nyama otchedwa Piggie Park ku South Carolina, anapitiriza kukaniza anthu akuda, ndipo atatengeredwa kukhoti ananena kuti chipembedzo chake chimamuletsa kusakaniza mitundu. Sanali yekha pa chikhulupiriro chimenecho. M'madera akum'mwera kwa America munali abusa ndi mipingo imene inkaphunzitsa kuti Mulungu anasiyanitsa mitundu dala, monga momwe Dutch Reformed Church ya ku South Africa inaikira kumbuyo ulamuliro wa tsankho kwa zaka zambiri. Mu 1968 khoti lalikulu la America linakankhira kunja chifukwa cha Bessinger ndi mawu ochepa chabe, kuti n'chopanda pake poyera. Kuyambira pamenepo palibe amene amatsutsanso kuti mwini malo odyera sangabweze munthu wakuda ngakhale atatsekula Baibulo.

Abale athu a ku Zambia nkhaniyi amaidziwa pathupi. M'zaka za m'ma 1950, m'mabutchala a azungu ku Northern Rhodesia munthu wakuda sankalowa pakhomo, ankagulira pakawindo ka kumbali, n'kulandira nyama imene wogulitsa wamusankhira. Kenneth Kaunda analeka kudya nyama potsutsa mchitidwe umenewo. Nyamayo ankaigula ndithu, sankafa ndi nkhuli. Chimene chinkapweteka n'kuuzidwa tsiku ndi tsiku, pamaso pa ana ako, kuti khomo ili si lako. Malamulo oletsa tsankho m'malo a malonda anapangidwira bala limeneli.

Lamulo la mu 1964 lija silitchula za amuna kapena akazi okondana okhaokha. Ku America chigawo chilichonse chili ndi malamulo akenso, ndipo zigawo zoposa 20 mwa 50 zinawonjezera gulu limeneli pa mndandanda wa anthu osayenera kusalidwa pa malonda. Colorado inachita zimenezi mu 2008. Ndiye kuti zimene Phillips anachita zikanachitikira m'zigawo zina zambiri, sipakanakhala mlandu uliwonse. Anthu ambiri akamamva nkhanizi amaganiza kuti ndi lamulo limodzi la dziko lonse, pamene zimatengera kumene sitolo yako ili.

Nanga ufulu wa chipembedzo uli pati? Malamulo oyendetsera dziko la America amauteteza pamodzi ndi ufulu wolankhula m'ndime imodzi imene inawonjezedwa mu 1791. Wina angaganize kuti munthu wokana kanthu chifukwa cha chikumbumtima angotsamira pa ndimeyi nkhani n'kutha. Chimene chinatseka njira imeneyo ndi mlandu wa mu 1990. Alfred Smith ndi Galen Black anachotsedwa ntchito ku Oregon chifukwa anadya peyote, chomera choledzeretsa chimene mpingo wa eni nthaka a ku America umagwiritsa ntchito pa mapemphero, ndipo boma linawamana ndalama zothandizira anthu amene ntchito yawathera. Jaji Antonin Scalia, Mkatolika wolimba, ndi amene analemba chigamulo. Iye anati lamulo likakhala logwira aliyense mofanana, losapangidwa n'cholinga chofinya chipembedzo china, munthu sangalizembe ponena kuti chikhulupiriro chake sichigwirizana nalo, apo ayi nzika iliyonse idzakhala lamulo payokha. Aphungu anayesa kubweza zinthu m'chimake ndi lamulo la mu 1993, koma mu 1997 khoti linati lamulo limenelo lingamange boma lalikulu lokha, osati maboma a zigawo.

N'chifukwa chake maloya a anthu ngati Phillips, makamaka a bungwe la Alliance Defending Freedom, anayamba kutsamira kwambiri pa ufulu wolankhula. Ku America ufulu umenewu umaphatikizapo ufulu wokhala chete: boma silingakuike mawu m'kamwa. Maziko ake ndi mlandu wa mu 1943, pamene khoti lalikulu linagamula kuti ana a Mboni za Yehova ku West Virginia sangakakamizidwe kuchitira sawatcha mbendera kusukulu. Tsono mfundo ya maloyawo inali yakuti Phillips si wophika chabe koma ndi mmisiri waluso, keke ya ukwati ndi uthenga wonena kuti pano pali ukwati woyenera kuusangalalira, ndipo kumukakamiza kuipanga n'kumukakamiza kulankhula zimene sakhulupirira. Anakumbutsanso kuti Phillips amakana ngakhale makeke a chikondwerero cha Halloween, kusonyeza kuti si chidani ndi anthu ena ayi.

Komishoni yoona za ufulu wa nzika ku Colorado inamupeza wolakwa, ndipo khoti la apilo la chigawocho linavomereza. Phillips anasankha kusiyiratu kupanga makeke a ukwati, ndipo iye amati anataya pafupifupi magawo 40 pa 100 alionse a bizinesi yake. Pa 4 Juni 2018 khoti lalikulu la America linamupatsa chipambano, majaji 7 kumbali yake, awiri otsutsa. Koma amene amati chigamulochi chinalola eni mabizinesi kukana makasitomala sanachiwerenge. Jaji Anthony Kennedy sanayankhe ngati keke ndi uthenga. Anangoti komishoni ija sinamuweruze Phillips mwachilungamo. Mmodzi wa makomishonala anali atanena pamsonkhano kuti ufulu wa chipembedzo wakhala ukugwiritsidwa ntchito poikira kumbuyo ukapolo ndi kupululidwa kwa Ayuda, ndipo anautchula kuti ndi chinyengo chonyansa. Kennedy anati woweruza amene walankhula chonchi za chikhulupiriro cha munthu amene akumuzenga waonetsa kale mbali. Panalinso nkhani ya William Jack, amene anapita m'masitolo atatu a makeke kukaitanitsa makeke ooneka ngati Baibulo olembedwa mawu odzudzula maukwati a amuna okhaokha. Onse atatu anamukana, ndipo akuluakulu a chigawocho sanawapeze ndi mlandu. Kwa majaji ambiri, umenewu unali umboni wakuti muyezo sunali umodzi. Komabe m'chigamulo chomwecho Kennedy anachenjeza kuti zikaloledwa mwachisawawa, masitolo ambirimbiri angapachike zikwangwani zoti sitigulitsa katundu wa maukwati otere, ndipo anthuwo angasanduke osalidwa m'dziko lawo lomwe.

Amene anayala bwino nkhaniyi, m'kuona kwanga, ndi makhoti a ku Britain, pa milandu iwiri imene inagwa mbali zosiyana koma pansi pa jaji mmodzi, Lady Hale.

Woyamba ndi wa Peter ndi Hazelmary Bull, banja lachikhristu limene linali ndi kahotela ku Marazion, m'dera la Cornwall. Lamulo lawo linali lakuti chipinda cha bedi limodzi la anthu awiri ndi cha mwamuna ndi mkazi okwatirana basi. Mu Seputembala 2008 Steven Preddy ndi Martyn Hall, amuna awiri amene mgwirizano wawo unali wolembetsedwa ku boma, anasungitsa chipinda pa foni, koma atafika anabwezedwa pakhomo. A Bull anadziteteza kuti ngakhale mnyamata ndi mtsikana osakwatirana amawakaniza chimodzimodzi. Khoti lalikulu la Britain mu Novembala 2013 linawapeza olakwa, ndipo chipukuta misozi cha mapaundi 1,800 kwa aliyense wa awiriwo chinakhala chomwecho. Chipinda ndi chipinda. Bedi limene akanapatsa banja lina ndi lomwelo limene anawamana awa, ndipo chosiyana chinali anthu ofuna kugonapo. Lady Hale ananenanso chinthu chimene ndimafuna Mkhristu aliyense atachimva: Preddy ndi Hall akanakhala ndi hotela n'kuwamana a Bull chipinda chifukwa cha Chikhristu chawo, lamulo lomweli likanawagwira iwonso.

Wachiwiri ndi wa ku Belfast, ku Northern Ireland. Mu Meyi 2014 Gareth Lee anapita ku Ashers, kampani ya makeke ya banja la McArthur, imene dzina lake linachokera kwa Aseri, mwana wa Yakobo amene bambo ake anamudalitsa kuti chakudya chake chidzakhala chonona. Lee anali atagulako kale kumeneko popanda vuto. Ulendo uno anaitanitsa keke yokhala ndi chithunzi cha zidole za pa TV, Bert ndi Ernie, ndi mawu olimbikitsa anthu kuvomereza maukwati a amuna kapena akazi okhaokha, amene nthawi imeneyo anali asanaloledwe ku Northern Ireland. Analipira mapaundi 36.50. Patapita masiku ochepa anamuimbira foni, kumupepesa, n'kumubwezera ndalama zake. Khoti loyamba linati limeneli ndi tsankho ndipo linalamula chipukuta misozi cha mapaundi 500. Khoti la apilo linavomereza. Koma pa 10 Okutobala 2018 majaji onse asanu a khoti lalikulu anagubuduza zigamulozo. Lady Hale anati a McArthur sanakane munthu, anakana uthenga. Akanabwera mwamuna wokwatira mkazi kudzaitanitsa keke ya mawu omwewo, akanamukananso. Ndipo Lee akanafuna keke ina iliyonse, akanamugulitsa. Peter Tatchell, amene wathera moyo wake wonse akumenyera ufulu wa amuna ndi akazi okondana okhaokha, poyamba anali kumbali ya Lee, koma mu 2016 analengeza kuti wasintha maganizo, chifukwa anaona kuti lamulo lokakamiza Mkhristu kulemba mawu amenewa lingakakamizenso Msilamu kusindikiza zojambula za Mneneri Muhammad. Lee anakadandaula ku khoti la ufulu wa anthu la ku Ulaya, koma mu Januwale 2022 khotilo linakana kumva dandaulo lake.

Tikaika milandu iwiriyi pamodzi, pakutuluka funso limodzi loti n'kufunsa wamalonda aliyense: chinthu chimene wakanachi, ukanamugulitsa munthu wina? Ngati inde, wakana munthu, ndipo lamulo likugwira. Ngati sukanachipangira wina aliyense, wakana ntchitoyo, ndipo umenewo ndi ufulu wako. Tiyerekeze ndi telala wachisilamu amene ali ndi makina ake pakhonde la sitolo. Mayi wa Mvano akabwera ndi nsalu yoti asokedwe bulauzi, telala n'kunena kuti sasokera Akhristu, pamenepo wamusala mayiyo. Koma mayiyo akafuna kuti pabulauzipo apetepo mawu akuti Yesu ndi Mulungu, telala n'kunena mwaulemu kuti mawu amenewo manja ake sangalembe, palibe amene walakwiridwa, ndipo ndingaime naye telalayo ngakhale mawuwo ndimawakhulupirira.

Vuto n'lakuti keke ya Phillips ili pakati penipeni pa ziwirizi, ndipo majaji a ku America anakangana pa mfundo imeneyi m'malemba awo a pambali. Jaji Elena Kagan ndi Jaji Ruth Bader Ginsburg anati Phillips amagulitsa makeke a ukwati kwa mwamuna ndi mkazi, ndipo keke yomweyo anawamana awiriwa, pamene masitolo atatu aja sakanalembera wina aliyense mawu a William Jack. Jaji Neil Gorsuch anayankha kuti Phillips sakanapangira wina aliyense keke yokondwerera ukwati wa amuna okhaokha, ndipo umboni wake ndi wakuti mayi ake a Craig, amene sali m'gulu la okondana okhaokha, ataimba foni mawa lake anauzidwa zomwezo. Mkangano wonse wagona pa dzina limene tikuipatsa kekeyo. Ikakhala "keke ya ukwati", Phillips anasala anthu. Ikakhala "keke ya ukwati wa amuna okhaokha", anakana uthenga.

Ine ndili kumbali ya Kagan pa keke yopanda mawu. Ufa, mazira ndi shuga n'zomwezo, maluwa a pamwamba ndi omwewo, ndipo palibe mlendo wa paukwati amene amaona keke n'kuganiza kuti wophika wadalitsa banjalo, monga momwe palibe amene amaganiza kuti wobwereketsa matenti ndi mipando wavomereza kuti mkwati ndi munthu wabwino. Tikalola kuti chinthu chisinthe dzina malinga ndi amene akuchigula, Bessinger nayenso akananena kuti sakukana munthu wakuda, akukana "chakudya chosakaniza mitundu". Komanso mfundo yakuti sanakane anthuwo koma ukwati wawo ndi yofooka, pakuti amene amamanga ukwati wa amuna okhaokha ndi anthu omwewo amene lamulo likuwateteza. Koma sindinganame kuti mzerewu ndi woongoka ponseponse. Wojambula zithunzi amene ayenera kukhala pamwambo tsiku lonse n'kumawauza akwati kuti tapsompsonanani, wolemba ndakatulo ya paukwati, woimba nyimbo: awa akulowetsa mawu ndi maso awo mumwambowo kuposa wophika.

Ndipo anthu amene akugwa m'milanduyi si zilombo. Barronelle Stutzman, gogo wogulitsa maluwa ku Richland m'chigawo cha Washington, anatumikira Robert Ingersoll kwa zaka pafupifupi 9 akudziwa bwino kuti ali ndi mwamuna mnzake. Mu 2013 Ingersoll atapempha maluwa a ukwati wake, gogoyo anamugwira dzanja n'kumuuza kuti sangathe chifukwa cha ubale wake ndi Yesu. Anagonja kawiri ku khoti lalikulu la chigawocho, ndipo mu 2021 anavomera kulipira madola 5,000 n'kupuma pa ntchito. Ndimamumvera chisoni gogoyu. Ndimamumveranso chisoni Ingersoll, amene anapita kwa munthu amene ankamuyesa bwenzi ndi nkhani yosangalatsa kwambiri pa moyo wake, n'kubwerako atauzidwa kuti ndalama zake zinali zabwino zaka zonsezi kupatula tsiku limeneli. Ena amati akanangopita kwina, masitolo ndi ambiri. N'zoona kuti Craig ndi Mullins anapeza keke kwina. Koma anyamata a ku Greensboro nawonso akanamwa khofi kwina, ndipo m'tauni yaing'ono ya sitolo imodzi kwinako kulibe.

Pa 30 Juni 2023 khoti lalikulu la America linayankha gawo lina la funsoli pa mlandu wa Lorie Smith, wokonza mawebusaiti wa ku Colorado komweko, mwini kampani ya 303 Creative. Iyeyu anali asanakane kasitomala aliyense. Anasumira boma pasadakhale, akuti akufuna kuyamba kukonza mawebusaiti a maukwati koma a mwamuna ndi mkazi okha. Boma la Colorado linali litavomereza kale pamaso pa khoti kuti mawebusaitiwo adzakhala ntchito ya luso lake ndi mawu ake, komanso kuti pa ntchito zina amalandira aliyense. Majaji 6 anamuikira kumbuyo, atatu anatsutsa. Gorsuch, amene analemba chigamulo, anatsamira pa mlandu wa ana a Mboni uja, ndipo anati maganizo a Colorado atatsatidwa, boma lingakakamize Msilamu wopanga makanema kupanga kanema wotamanda zimene amatsutsa, kapena wojambula wosakhulupirira Mulungu kujambula chithunzi cholalikira. Jaji Sonia Sotomayor anatsutsa mwaukali. Anati aka n'koyamba kuti khotilo lipatse bizinesi yotsekulira anthu onse ufulu wokana gulu la anthu lotetezedwa ndi lamulo, ndipo anafunsa chimene chingaletse wokonza webusaiti wina kukana ukwati wa munthu wakuda ndi mzungu pa chifukwa chomwechi. Funso limeneli ndi lolemera, pakuti chigamulocho chinaima pa ufulu wolankhula, osati pa chipembedzo, ndiye kuti wokanayo safunika n'komwe kukhala wopemphera. Ndipo khotilo silinanene kuti ndi ntchito ziti zimene zili "kulankhula". Webusaiti yolembedwa mawu inde. Keke, maluwa, diresi la mkwatibwi, zimenezo zinasiyidwira milandu ya m'tsogolo.

Pali chinthu chimodzi chimene ndaona pa anthu okangana za nkhaniyi: ambiri amasintha mbali chipembedzo cha wokanayo chikasintha. Cha m'ma 2006, pabwalo la ndege la Minneapolis, madalaivala ambiri a matakisi anali Asilamu ochokera ku Somalia, ndipo ena ankakana kunyamula munthu amene watsika ndege ndi mabotolo a mowa. Akuluakulu a bwalolo anaganizapo zoika nyale za mtundu wina pa matakisi osanyamula mowa, koma anthu anakwiya kwambiri moti maganizowo anatayidwa. Mu 2007 anakhazikitsa chilango: kukana koyamba, dalaivala aimitsidwe masiku 30, kachiwiri alandidwe chiphaso kwa zaka ziwiri. Wonyamula mowa si gulu lotetezedwa ndi lamulo la tsankho, choncho nkhaniyi siyofanana ndendende ndi ya keke. Koma mawu amene ankamveka nthawi imeneyo, akuti ngati chipembedzo chako sichikulola kutumikira aliyense kapeze ntchito ina, ndi omwewo amene Phillips anauzidwa patapita zaka zochepa. Amene akufuna kuti Phillips amasulidwe ayenera kukhala wokonzeka kumasulanso dalaivala wa ku Somalia, ndipo amene akumanga mmodzi amange onse.

Kwathu ku Malawi tili ndi chikumbutso chathu cha mmene zimakhalira khomo la msika likatsekedwa chifukwa cha chikhulupiriro. Mboni za Yehova zinaletsedwa mu 1967 chifukwa chokana kugula khadi la chipani, ndipo m'masiku amenewo a Youth ankaima pachipata cha msika ndi pokwerera basi n'kumafunsa khadi. Mu 1972 masauzande anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Amene ankatseka khomo pamenepo chinali chipani, osati mwini golosale, koma nkhaniyi ikutiphunzitsa mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Anthu amenewa anazunzika chifukwa anakana kukakamizidwa kuvomereza zimene sakhulupirira, umene ndi ufulu umene a McArthur ankautchinjiriza. Ndipo njira yowazunzira inali kuwamana pogula mchere ndi pokwera basi, limene ndi bala limene Preddy ndi Hall ankadandaula. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: amene lero ali m'gulu la ambiri ku Lilongwe, mawa ali yekha ku Belfast akufuna chipinda chogona.

Mlandu wonga wa Phillips sungabwere ku Malawi m'maonekedwe omwewo. Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko a mu 1994 limaletsa tsankho la mtundu, khungu, chinenero, chipembedzo, ulumali, kukhala mwamuna kapena mkazi ndi zina, ndipo gawo 33 limateteza chikumbumtima ndi chipembedzo, koma kugonana kwa amuna okhaokha kudakali mlandu wa zaka zofika 14 kundende, ndipo mu Juni 2024 khoti linakana kuchotsa lamulo limenelo. Kumene magawo awiriwa akhala akukumana kwathu ndi kusukulu, monga pa chigamulo cha ku Zomba cha mu Meyi 2023 chimene chinati ana achi Rasta asabwezedwe m'sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo. Koma abale athu amene akuphika makeke, kuluka tsitsi, kukongoletsa maholo kapena kubwereketsa zipinda ku Johannesburg, Leeds kapena Indiana akugwira ntchito pansi pa malamulo ena. Ku South Africa, gawo 9 la malamulo oyendetsera dziko a mu 1996 limatchula mwachindunji amuna ndi akazi okondana okhaokha, ndipo limamanga munthu wamba, osati boma lokha. Lamulo la mu 2000 linakhazikitsa makhoti apadera omvera madandaulo a tsankho, ndipo mu 2020 ngakhale ogwira ntchito m'boma omangitsa maukwati analandidwa mwayi wokana mabanja otere. Ku England, Scotland ndi Wales, lamulo la mu 2010 limateteza kasitomala pa zifukwa zonsezi, chipembedzo chake chomwe. Tchalitchi kapena mzikiti ndi nkhani ina, m'busa sakakamizidwa kudalitsa ukwati umene mpingo wake sulola. Chitetezo chimenecho sichitsatira munthu akatsekula sitolo.

Mlandu suola, ndipo Phillips sanapume. Pa 26 Juni 2017, tsiku lomwe khoti lalikulu linavomera kumva apilo yake, loya wina wa ku Denver, Autumn Scardina, anaimba foni ku Masterpiece kuitanitsa keke ya pinki mkati, ya buluu kunja. Asitolo anati atha kupanga. Kenako Scardina anafotokoza kuti kekeyo ndi yokondwerera kusintha kwake kuchoka pa mwamuna kukhala mkazi, ndipo pamenepo anamukana. Kekeyo inalibe chilembo ngakhale chimodzi, mitundu iwiri basi, ndipo aliyense amene akanaiitanitsa osanena chifukwa akanaitenga. Khoti loyamba linalipiritsa Phillips madola 500, khoti la apilo linavomereza mu 2023. Mu Okutobala 2024 khoti lalikulu la Colorado linathetsa mlanduwo ponena kuti Scardina sanatsate njira yoyenera posuma, osakhudza n'komwe funso loti keke ya pinki ndi buluu imalankhula kapena ayi.